Mzere wa Chagunda

Kalekale, m'mudzi mwathu muno munafika munthu wina dzina lake Chagunda. Sanapemphe chakudya, sanapemphe pogona. Anapempha mzere umodzi m'dimba, woti afesepo mbewu ya mpiru imene anaimanga pakansalu.

Koma nthawi yake, abale! Linali dzuwa lija la mvula isanagwe, dambo litang'ambika, mbuzi zikupuma ndi pakamwa. Ndani angapatse mlendo mzere pa nyengo yotere? Uyu anakana, uyo anakana. Anavomera ndi Nankhoma yekha, amayi a agogo athu, wamasiye wa ana anayi.

Nkhokwe ya Nankhoma inali itatha. Ana ankadya chifukwa cha matimati a m'dimba, amene ankasinthanitsa ndi chimanga. Chitsime chake chinkatulutsa mitsuko isanu patsiku, basi. Iye anati, "Itatu yanga, iwiri yanu."

Mlongo wake, Kamwendo, anapsa mtima. "Achemwali, anawa adzadya mpiru wa mlendo?"

"Achimwene, ndapereka kale."

Dzuwa linakula, dzuwa linakula. Mitsuko isanu inasanduka inayi, inayi inasanduka itatu. Matimati anayamba kuyoyola maluwa. Chagunda anabwera atavula chipewa. "Mayi, tengani madzi anu. Mpiru ndi mpiru chabe."

"Chimene ndapereka sindilanda," anatero Nankhoma. Anali wouma mutu mayi ameneyo!

Tsono chitsimecho chinali ndi lamulo lake. Munthu sankatunga dzuwa lisanatuluke, kuti onse aone madzi amene adikha ndipo agawane poyera. Koma tsiku lina Nankhoma anapeza madzi atatsika, m'mphepete muli mapazi. Mawa lake chimodzimodzi. Mkuja chimodzimodzi.

"Suyo mlendo wanu!" anatero Kamwendo. "Mwaweta mbala. Mawa ndikamupeza pachitsime, chikwanje ichi chiyankhula."

Mukuganiza kuti Nankhoma anatani? Analawira kuti akafike mlongo wake asanafike. Ali m'njira anamva mapazi kumbuyo: Kamwendo, chikwanje kumanja. Anapitira limodzi. Atayandikira mpanda wa dimba, anamva mtsuko ukugunda mwala.

Analidi Chagunda. Anatunga, n'kusenza. Kamwendo anafuna kudumpha mpanda, koma Nankhoma anamugwira mkono. "Taimani. Tione kumene apite nawo."

Chagunda anadutsa mzere wake osaima. Anakagwada pa matimati a Nankhoma, n'kumathira ndi chikho, phata ndi phata, pang'onopang'ono, kenako n'kuphimba ndi udzu kuti chinyezi chisaoneke. Pamenepo m'pamene Nankhoma ndi Kamwendo anayang'ana mzere wa mlendoyo, umene unali kumapeto, kuseri kwa nthochi. Mpiru wonse unali utauma, gwaa. Mwini wake anali atasiya kuuthirira kalekale.

Kamwendo anaika chikwanje pansi. Sanapepese ndi mawu, sanali munthu wotero. Analowa m'dimba, n'kutenga mtsuko m'manja mwa Chagunda. "Mukuthira kwambiri mbali imodzi, bambo inu. Bweretsani."

Matimati anapirira milungu ina itatu mpaka mvula inagwa. Ana anayi onse anakula, ndipo wachitatu ndiye anabala mtundu wathuwu.

N'chifukwa chake kwathu kuno, madzi akachepa pachitsime, sitithamangira kuloza munthu chala. Timayamba tapita kukaona mzere wake, ngati uli wonyowa kapena wouma.