Mchenga Uli Pansi pa Kabichi

Ali pagalaja kukonzetsa lole, bambo wina wogulitsa mchenga, amene anzake ankangomuti Atipa, anamva kuti kuseri kwa sukulu, m'mbali mwa kamtsinje, kuli malo ogulitsa. Anathamangirako, anapalasa pansi ndi chidendene, mchenga uli mbee. Sabata isanathe anagulitsa lole yake yachiwiri n'kugula malowo.

"Mwakafunsa kukhonsolo?" anatero mkazi wake.

"Mayi, mchengawo ndaugwira ndi manja angawa. Akhonsolo akandiuza kuti chiyani, kuti ndi shuga?"

Atabwera ndi anthu a mafosholo, anapeza mayi wina akuthirira kabichi pakati penipeni pa malowo.

"Amayi, zulani, tikufuna tikumbe. Pano ndagula ine."

"Mwachita bwino, achimwene. Koma mwini wakale anandibwereketsa dimbali mpaka mwana wanga atamaliza sukulu, ndipo lendi ndinaperekeratu."

"Mwanayo watsala pang'ono?"

"Wayamba chaka chino. Samalani, mwaponda mbande."

Mutu wa Atipa unaima. Mwini wakale wa malowo foni yake inali yozima, ndiye miyendo inawatengera kukhonsolo komwe ankakunyoza kuja. Atamva nkhani yonse, kalaliki anatambasula mapu patebulo, naloza ndi cholembera.

"Malowa ndi anu ndithu, bambo."

"Ndiye ndikakumbe?"

"Ayi. Ayandikana ndi mtsinje, mchenga wa pamenepo sitilola kuuchotsa."

"Chabwino, ndimangepo nyumba."

"Mapulani akuti amenewo ndi malo olima."

"Basi ndikalime."

"Akulima kale amayi aja."

Atipa anavula chipewa, anasuzumiramo ngati yankho lagwera m'menemo, n'kuchivalanso.

"Pepani akulu, sukulu sindinapite nayo patali. Mwati malo ndi anga. Pansi si panga, pamwamba si panga. Changa n'chiyani pamenepo?"

Kalaliki anakanda m'mutu, anayang'ananso mapu aja.

"Msonkho, bambo."

Atipa anayesa kuwagulitsa malowo, koma aliyense wobwera ankadzera kaye kukhonsolo, osaonekanso. Ntchito zikuluzikulu zinapita kwa anzawo a malole awiri. Masiku ano Atipa amapitabe kumalo kwawo, amaima m'malire manja kumbuyo, kuyang'ana chuma chawo chikuthiriridwa madzi. Pobwerera amagula kabichi mmodzi, ndipo amayi aja amawatsitsirako mtengo, poti ndi eni malo.

Akuluakulu anaona patali ponena kuti safunsa anadya phula.