Khutu la Che Likagwa

Ana inu, mawu ambiri amene mumamva akuluakulu akuponyerana anayambira pa zinthu zimene anthu anaona ndi maso. Ena anabadwira kumunda, ena pabwalo la milandu. Amene ndikuuzeni lerowa anabadwira m'boti lonunkha dizilo, pa nyanja ya Chilwa.

Pa doko la Kachulu panali makaniko wamkazi dzina lake Verina Mulipa. Kwawo kunali ku Mwanza, kumene anakulira m'galaja la amalume ake akukonza malole. Ku Kachulu anamanga chisakasa pafupi ndi madzi, ndipo ankadya za sipanala yake. Anthu ankamudziwa injini ikafa basi. Pa chinkhoswe kapena pa ukwati panalibe womukumbukira, chifukwa ankati ndi wobwera, komanso pakamwa pake sipaopa munthu.

Boti lalikulu kuposa onse padokopo linali la Che Likagwa, bambo wa imvi amene anatha zaka makumi awiri akuwolotsa anthu kupita ku chilumba cha Chisi. Injini yake anachita kuchotsa m'lole, ndipo inkaziziritsidwa ndi madzi a m'nyanja amene inkakoka ndi paipi. Bamboyu anali ndi mng'ono wake, Che Jafali, amene ankakweza katundu ndi kuvomereza chilichonse chimene akulu ake anena.

Kutatsala masiku awiri kuti mwana wa Che Likagwa akwatiwe ku Chisi, iwo anaitana Verina kuti adzasinthe oilo. Verina anamasula bawuti ya pansi pa injini n'kutchera beseni. Oiloyo anatuluka wakuda bii, wamadzimadzi, akununkha ngati mphika wopserera. Anamutikita pakati pa zala, kenako anawauza eni boti kuti injini yawo ikupsa m'kati. Anawauzanso kuti iye ali ndi geji ndi kachitsulo kake kamkuwa koyezera kutentha kwa oilo, zimene anachotsa m'lole yakufa, ndipo akufuna kuziika m'botimo.

Che Likagwa anaseka mpaka kutsokomola. Anati geji yawo ndi khutu, injini ikadwala amaimva kulira kwake. Che Jafali anavomereza, nati injini imeneyo ndi chitsulo chenicheni, sinayambe yawachititsapo manyazi.

Verina anapukuta manja, n'kuyamba kulongedza masipanala m'thumba.

"Ndiye oilo watsopanoyo thirani nokha, bambo," anatero. "Ine dzanja langa siliika oilo m'injini yosaona. Anthu amene mumanyamulawa ali ndi ana kunyumba."

Makaniko wina anali ku Zomba, ndipo injini inali yomasulamasula. Che Likagwa anazungulira boti lawo kawiri akung'ung'udza. Mapeto ake anamuuza kuti aike kachidole kakeko, koma asayembekezere kuti iwo adzakayang'ana.

Verina anagwada m'botimo. Pambali pa chitini cha oilo, chapansi, panali kabawuti kotsekera bowo. Anakamasula, napukuta mazinga ake mpaka kuwala. Anaveka kachitsulo kaja kamphete kamkuwa koletsa kudontha, n'kukalowetsa ndi zala kaye kuti kasapite mokhota. Atamva kuti kakhala, anamangitsa ndi sipanala pang'ono chabe, poti mkuwa ukaukakamiza umathyoka. Nsonga yake inayenera kumira mu oilo nthawi zonse. Kuchoka pamenepo anayendetsa waya m'mbali mwa matabwa, kutali ndi paipi ya utsi, mpaka pafupi ndi chiwongolero, pamene anakhomerapo geji. Atathira oilo n'kuliza injini, muvi wa geji unadzuka pang'onopang'ono n'kuima pakati. Verina anawaonetsa chigawo chofiira chakumapeto, nati muvi ukakafika kumeneko azimitse injini pompo. Che Likagwa anavula chipewa chawo n'kuchikoleka pa gejiyo.

Tsiku la ukwati, m'mawa, boti linadzaza. Munali anthu oposa makumi atatu, matumba a mpunga, mbuzi ziwiri, ndi akuchimuna amene anachokera ku Jali atavala zoyera. Verina sanaitanidwe, koma anafika atavala ovolosi yake n'kukwera. Che Jafali atamufunsa kumene akupita, anayankha kuti ntchito yake saisiya asanaione ikugwira pakati pa nyanja. Anakhala pa thumba la mpunga kumbuyo kwa Che Likagwa.

Chaka chimenecho madzi anali atachepa, ndipo ndere zinali mbwee. Boti linali lolemera, nthawi inali itatha, choncho Che Likagwa anaikoka injini mpaka kumapeto. Amayi ankaimba, akuchimuna ankayamikira liwiro. Atafika pakati, pamene Kachulu anaoneka ngati kamzere, mphepo ya mwera inayamba kutukula mafunde.

Verina anasuzumira pansi pa chipewa chija. Muvi unali utagunda chigawo chofiira. Anakoka Che Jafali malaya n'kuwaonetsa. Iwo anaona bwinobwino, nkhope inasintha, koma anamunong'oneza kuti atseke pakamwa, asawachititse manyazi achimwene pamaso pa akuchimuna. Atatero anabwerera kutsogolo kukawomba m'manja.

Verina anaimirira n'kuwauza Che Likagwa kuti azimitse injini. Iwo sanacheuke. Anabwereza mokweza, ndipo iwo anangoti injini ikulira bwino, akuimva. Muvi unapitirira kukwera. Verina ankadziwa chimene chikubwera. Oilo akatentha mopitirira amasanduka ngati madzi, zitsulo zimakhulana zouma, kenako injini imagwirana osadzukanso. Boti lolemera chotero, lopanda injini, mwera ukanalitembenuza cham'mbali n'kulimwetsa madzi. Anayang'ana ana amene anali pamiyendo ya amayi awo. Ankadziwanso kuti chimene akufuna kuchita sichichitika kwa munthu wamkulu.

Anakankha chipewa chija, natambasula dzanja n'kutsina khutu la Che Likagwa. Analigwira zolimba, nawakokera mutu pansi mpaka mphuno inatsala pang'ono kugunda galasi la geji.

"Khutu lanuli lagontha, bambo. Lero muone ndi maso."

Ndi dzanja linalo anakoka chingwe chozimitsira injini. Phokoso linatha, nyimbo inadukira pakamwa. Mbuzi zokha ndi zimene zinapitiriza kulira.

Che Likagwa anadzuka mwaukali. Anati chibadwire palibe munthu anawagwirapo khutu kupatula mayi awo owabereka. Pofuna kuonetsa anthu kuti mkaziyo ndi wabodza, anatsegula chivundikiro cha injini n'kuika chikhatho pa chitsulo. Anachichotsa msangamsanga, khungu litayera, n'kuchiviika m'nyanja.

Verina sanadikire chilolezo. Anauza amuna anayi kuti agwire nkhafi, mutu wa boti uziyang'ana kumene kukuchokera mafunde. Iye anamasula paipi yokokera madzi n'kusolola zimene zinatsekamo: ndere zodzaza manja awiri ndi chidutswa cha ukonde wakale. Anaziponya pamapazi pa Che Jafali. Kenako anakhala pansi nati palibe woliza injini mpaka muvi utatsika. Akuchimuna anadandaula za nthawi, amayi ena anamunena kuti ndi wopanda mwambo, mafunde ankamenya matabwa, koma iye anakhala pa chingwe chija ngati nkhuku pa mazira. Patatha pafupifupi ola, muvi unabwerera pakati. Injini inalira, ndipo anakafika ku Chisi dzuwa litapendeka, onse amoyo.

Mwambo wa ukwati utatha, achibale a Che Likagwa anasonkhana pansi pa mtengo wa mango n'kuitanitsa Verina. Che Jafali ndi amene anayankhula. Anati wobwera wanyoza banja lonse pamaso pa alendo, choncho agwade apepese, apo ayi asamuke pa Kachulu.

Verina anaima chilili. "Kusamuka ndikhoza kusamuka, sipanala sisowa kwawo. Koma kupepesa ayi. Mawa muvi ukakafikanso pofiira, ndidzatsina khutu linalo."

Anthu anang'ung'udza. Che Likagwa anali atakhala pomwepo, dzanja lokulunga nsalu, khutu lotupa. Anafunsa mng'ono wawo ngati anauona muviwo boti lisanaime. Che Jafali anayang'ana pansi, kenako anavomera kuti anauona, koma ankaopa kuwakhumudwitsa.

"Iwe tinayamwa bere limodzi," anatero Che Likagwa. "Unaona imfa ikubwera, n'kupita kukawomba m'manja. Mayi uyu si magazi anga, sindinamuitane n'komwe, koma analolera kuti ndimude kusiyana n'kuti ndimize anthu. Khutuli likuwawa, koma ndikulimva chifukwa ndili moyo. Wanditsina khutuyu ndiye mnansi wanga."

Anaitana akazi awo kuti amuyalire Verina mphasa pakati pa achibale. Iye anakhala, nadya mpunga wa ukwatiwo ali m'ovolosi yake, ndipo asananyamuke anauza Che Likagwa kuti paipi ija ikufunika sefa yatsopano, asachedwe nayo.

Amene anali m'botimo anakafotokoza nkhaniyi kwawo, ndipo mawu a Che Likagwa anafalikira mpaka anasanduka mwambi wakuti, "Wakutsina khutu ndi mnansi." Lero tikati munthu wakutsina khutu, sitinena za zikhadabo. Tikunena munthu amene wakuchenjeza zoipa zisanakugwere. Chenjezo limawawa, nthawi zina limachititsa manyazi, ndipo kawirikawiri limachokera kwa munthu amene sumamuwerengera. Oseka nawe ndi ambiri, ana inu, koma amene angalolere kuti umukwiyire pofuna kukupulumutsa ndi ochepa. Mukamupeza wotero musamufunse kumene anabadwira. Ameneyo ndiye m'bale wanu.