Munthu Amene Anakankha Masamba a Maliro

Panali munthu wina, dzina lake Sailesi, amene ankagwira ntchito m'tauni. Mayi ake omubereka anamwalira iye akuyamwa. Anamulera ndi mayi ake aakulu kumudzi, pamodzi ndi mwana wawo wamkazi, Lekeleni.

Manda a mayi ake omuberekawo analibe chiliza. Amene anakumba anatha kufa, mtumbira unafafanizika ndi mvula, tchire linamera. Munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwabe malowo: mayi aakuluwo, amene pa tsiku la maliro anaima pomwepo atabereka khandalo kumbuyo. Chaka ndi chaka Sailesi ankati, "Ndidzamanga chiliza." Chaka ndi chaka mayiwo ankayankha kuti, "Bwera ndikakusonyeze." Lekeleni atawapempha kuti angomuuza iye, anakana. Anati manda a mayi amauzidwa mwana wake maso ndi maso, satumizidwa pakamwa pa wina ngati moni.

Kenako mayiwo anadwala. Miyendo inatupa, anasiya kutuluka m'nyumba. Sailesi ankadziwa zonsezi, koma sanabwere.

Nthawi yomweyo n'kuti atalowerera m'masewera ena a pafoni. Ndiwafotokoze, poti ena mwa inu simunawaonepo. Munthu amatenga kachitini, n'kuikamo tizinthu topanda ntchito, mabatani, tizidole, zokolowekera makiyi. Amakabisa m'mphako ya mtengo kapena pansi pa mwala, ndipo malowo amawasunga mufoni. Anzake akatsegula mafoni awo amaona muvi wowalozera kopita. Wapeza chitinicho amatengamo chinthu chimodzi n'kusiyamo china. Lamulo lake ndi lomwelo. Anthu akuluakulu, a ndevu zawo, amathera tsiku m'tchire kufunafuna batani.

Kenako kunabwera mtundu wina wa masewerawo. Foni inkasimba nkhani, yoti iwe ndiwe ngwazi yolondola chuma chimene achifwamba anaba. Nkhaniyo sinkapitirira mpaka utaima pamalo penipeni pamene foniyo yafuna, ndipo wofika msanga pa chitini chomaliza ndiye wopambana.

Anthu a gulu la Sailesi, amene ambiri ankangodziwana pafoni, anapangana zokumana Loweruka lina kuti ayese masewera atsopanowo. Wobisa zitini anasankha dera la mapiri, ndipo linapezeka kuti ndi kwawo kwa Sailesi. Iye anakondwa kwabasi. Anati kumeneko palibe angamupose. Taonani: matenda a mayi sanamukweze minibasi miyezi yonse ija. Chinamukweza ndi chitini.

Anakumana m'mawa pamsika wa m'deralo. Anapatsana moni, anaseka kuti uyu pachithunzi amaoneka wamtali, anabwereka njinga, n'kugawana awiriawiri. Sailesi anagwera limodzi ndi mayi wina wochokera kumpoto, dzina lake Tiyezge, amene deralo sankalidziwa n'komwe. Aliyense anamangirira foni yake pahandulo ya njinga ndi mphira.

Asananyamuke, foni ya Sailesi inalira. Anali Lekeleni.

"Ndamva kuti uli pamsika. Mayi sakumezanso phala. Akuti ubwere lero lomwe akuuze za manda, poti miyendo yakana koma pakamwa pakadalipo."

"Ndikubwera, alongo. Ndingomaliza kaye kanthu kena."

"Kanthu kanji?"

"Simungamvetse."

"Ayi ndithu, ine ndimangomvetsa kuchapa nsalu zawo m'mawa uliwonse. Ndiwauze chiyani?"

"Auzeni kuti ndikubwera."

Ananyamuka. Chitini choyamba anachipeza pansi pa kamlatho. Foni inaimba kanyimbo, inawayamikira, inawapatsa muvi wina. Ali m'njira Lekeleni anaimbanso. Tsono foni ikamalira, muvi unkazimiririka, ndipo Sailesi ankasokera pamphambano. Ataimbanso kachitatu, iye anatseka kuti pasalowenso foni ya munthu aliyense.

Tiyezge anaona. Anati, "Achimwene, pitani kwa odwala. Chitini sichidwala."

Sailesi anaseka. "Mayi aja ndi olimba. Akhala akutsanzika kuyambira dzinja."

Dzuwa lili pamutu, muvi unawadutsitsa pamsewu wa kumtunda kwa mudzi. Kuchokera pamenepo denga la nyumba imene anakuliramo linkaoneka bwinobwino, malata ake adzimbiri ndi papaya wa kuseri. Njira yotsikira kumeneko inali kumanja, yaifupi, yoti mwana wotumidwa machesi amapita n'kubwera madzi asanawire. Muvi unaloza kumanzere. Sailesi anakhotera kumanzere.

Anakwera phiri. Anapeza chitini china pakati pa miyala, china m'chitsa. Anatenga chithunzi akuseka, thukuta lili kamukamu. Dzuwa litapendeka, foni inati chatsala chimodzi, chomaliza, ndipo muvi unawatsitsira mumsewu wolowa m'mudzi mwa Sailesi. Kumbuyo kwawo, patali pang'ono, ankamva mabelu a njinga za anzawo.

Pokhota pa mtengo wa mango anapeza masamba aawisi atayalidwa modula msewu.

Nonsenu mukudziwa tanthauzo lake. Palibe amapita kusukulu kuti aphunzire kuwerenga masamba a pamsewu. Wagalimoto amachepetsa liwiro n'kuzimitsa wailesi. Wanjinga amatsika. Wachipewa amavula. Ndipo ngati mudziwo ndi wakwanu, umafunsa munthu woyamba kukumana naye kuti watisiya ndani.

Tiyezge, mlendo, anatsika.

Sailesi anapalasa kudutsa pamasambapo. Nthambi ina inakola m'masipoko, njinga inaima. Anatsika mokwiya, anaizula, anaiponya. Zotsalazo anazikankha ndi phazi mpaka zinagwera mungalande.

Tiyezge anati, "Mwatani kodi? Funsani kaye kuti ndi ndani."

"Maliro sathawa. Anzathu aja atipitirira."

Anakweranso njinga, chipewa chili kumutu, maso ali pamuvi. Anadutsa amayi osenza nkhuni. Anadutsa abambo amene anakhala pansi m'mbali mwa msewu. Wina anamuitana dzina lake, iye anangokweza dzanja osadzutsa mutu. Muvi unamufikitsa pa mkuyu wa pafupi ndi mjigo. Anagwada, anapisa dzanja pakati pa mizu, anatulutsa chitini. Foni inaimba nyimbo yake ya chipambano, mokweza, m'mudzi mmene munali zii. Sailesi anatukula chitinicho m'mwamba akuseka.

Apa m'pamene anadzutsa mutu.

Kutsidya kwa msewu, pa nyumba ya malata adzimbiri ija, anthu ankatulutsa mipando ndi tebulo kuti amayi apeze pokhala m'kati. Kulira kunkachokera m'menemo. Anthu onse a pabwalo ankamuyang'ana, chitini chili m'mwamba.

Lekeleni anatuluka atamanga chitenje m'chiuno. Sanathamange, sanakuwe. Anawoloka msewu, anaima pamaso pake, n'kutambasula dzanja. Sailesi anamupatsa chitinicho. Iye anachitsegula, anavundula ndi chala.

"Kanthu kaja ndi aka?"

Sailesi anayang'ana pansi.

"Ndimati mwina ndi mankhwala. Mumatani nazo zimenezi?"

Anayankha motsitsa mawu kuti munthu amatengamo chimodzi n'kusiyamo china.

Lekeleni anasankha batani lofiira, anamuika m'manja, n'kumufumbatitsa. "Tenga. Wapambana. Zosiya usavutike nazo, wasiya kale."

"Alongo, sindinadziwe."

"Masamba aja ndinathyola ndine, ndi manja awa. Ana andiuza kumene ali tsopano." Analoza kunyumba kuja. "Mayi anandiletsa kutseka chitseko kuyambira m'mawa. Masana anamva mabelu a njinga kumtunda, anati ndiwadzutse, ndiwatsamiritse kukhoma, ndiwapukute kumaso. Anati mwana wanga asandipeze ngati mtembo. Anakhala choncho, akuyang'ana pakhomo, mpaka mutu unagwa."

Sailesi anayang'ana batani lija. Ndipo funso limene linatuluka m'kamwa mwake linali ili: "Za manda ananena?"

Apa Lekeleni anamuyang'ana m'maso. "Ndinawagwadira. Ndinati mayi, ndiuzeni ine, mpweya ukuchepa. Anati ayi, wanena yekha kuti akubwera. Ukanati sindibwera, bwenzi atandiuza. Unawatseka pakamwa ndiwe."

Anamubwezera chitinicho n'kubwerera m'nyumba.

Kumsewu kuja Tiyezge anali atatsamiritsa njinga yake pamtengo. Ankatola masamba mungalande n'kumawayalanso. Anzawo a masewera atafika anatsika onse, anavula zipewa, anazimitsa mafoni.

Mawa lake anaika maliro. Anthu atayamba kubwerera, Sailesi anatsalira kumanda ndi akuluakulu angapo. Anawafunsa kumene mayi ake omubereka anagona. Wina analoza kum'mawa. Wina anati ayi, kunali kufupi ndi nsungwi. Wina anati nthawi imeneyo iye anali ku Joni. Sailesi anayenda pakati pa mitumbira yofafanizika, imene yonse inali yofanana, udzu wofanana, nkhadze zofanana. Foni inali m'thumba mwake pamodzi ndi batani lija. Ikanatha kumuuza pamene waima, osaphonya ngakhale phazi limodzi. Pamene panagona mayi ake sinkapadziwa, chifukwa panalibe amene anailembera. Wodziwa anali atangomukwirira kumene.

Chiliza chija sichinamangidwe mpaka lero.

Tsono inu anzanga a sukulu ya kwacha, ikani mapensulo pansi mundiyang'ane. Tavutika kuti tidziwe zilembo, tabwera kuno titatopa ndi kumunda ndi kumsika, ndipo ambiri tayamba kudziwerengera tokha uthenga wa pafoni. Zimenezo n'zabwino. Sindikunena kuti mutaye mafoni, kapena kuti kusewera n'kulakwa. Tiyezge anali ndi foni ngati yomweyo, muvi womwewo, koma anatsika panjinga.

Chimene chimandipsetsa mtima ndi mawu aja akuti ndikubwera. Timawanena kuti munthu atisiye, iye n'kuwatenga ngati lonjezo. Amasiya chitseko chotsegula. Amasunga chimene akanapatsa wina. Ngati simupita, nenani kuti sindibwera, munthuyo aone chochita nthawi ikadalipo.

Aliyense pano ali ndi amene anamuuza kuti ndikubwera. Mwamukumbukira kale, ndaona nkhope zanu. Tikaweruka musadzere kumsika. Khoterani kumanja.