Makalata a Mullo Hizkiyo Apita Kumanda

M'nyumba ya Yushuvo, wonyika nsalu mu utoto wa kwathu kuno ku Bukhara, munali bokosi la makalata amene malemu agogo ake, Mullo Hizkiyo, ankalandira kuchokera kwa akatswiri anzawo a Chilamulo chathu cha Chiyuda ku Baghdad. Kwa zaka makumi atatu nkhalamba zija zinakangana papepala za nsomba imodzi, ngati ili ndi mamba kapena ayi, poti Chilamulo chimalola kudya nsomba za mamba zokha.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti mkulu wina wa ku Yerusalemu, bambo Zalkind, akubwera kudzatenga makalatawo kuti akasungidwe m'nyumba ya mabuku. Yushuvo anasangalala kuti dzina la agogo ake limveka kutali. Koma atatsegula bokosi, manyazi anamugwira. Mapepala anali othimbirira, odontheredwa tiyi, ndipo penapake agogowo ankatchedwa bulu.

"Zinyalala izi ndionetse mlendo? Ndikopera ndekha pamapepala oyera," anatero.

"Bwanji mudikire mlendoyo mumufunse, bambo a Sivyo?" anatero mkazi wake Burho, mayi wa Sivyoyo.

"Mayi, inu za mabuku munazidziwira kuti? Taonani mpunga wanu ukupserera uko."

Munthuyu anali wouma mutu, tonse tinkamudziwa. Anakopera mwezi wathunthu ndi zala zake zabuluu zija, ndipo paliponse pamene panali bulu iye analembapo mkango. Mapepala akalewo, poti anali ndi dzina la Mulungu, sakanawataya kudzala. Anawaika mumtsuko n'kukawakwirira kumanda monga mwa mwambo wathu, ife tikuperekeza ndi mapemphero.

Bambo Zalkind atafika anatembenuza tsamba limodzi, nalinunkhiza.

"Mumalemba bwino, bambo. Nanga enieniwo ali kuti?"

"Tinawaika Lachiwiri. Mwambo wake unayenda bwino zedi."

Mlendoyo anakhala pansi asanapatsidwe mpando. Yushuvo atamvetsa kuti ofunika anali mapepala akale aja, anathamangira kwa rabi, mtsogoleri wa sunagoge wathu, kukapempha khasu loti akafukulire mtsukowo.

"Mwana wanga, kwathu kuno zolowa m'manda zimadikira kuuka kwa akufa," anatero rabi. "Auzeni alendowo adzabwere tsiku limenelo."

Bambo Zalkind anabwerera chimanjamanja, ndipo dzina la Mullo Hizkiyo silinakalowe m'nyumba ya mabuku ija. Ine ndinamumvera chisoni Yushuvo, ngakhale ndinaseka mpaka nthiti kuwawa. Burho anangomuikira mbale ya mpunga patsogolo. Ankanena zoona akale kuti safunsa anadya phula.