Bondo la Mwana wa Nyani

Nyani wamkazi ndi Fisi ankakhala m'phiri limodzi, koma chimene chinawakumanitsa ndi bondo. Kamchira, mwana yekhayo wa Nyani, anagwa mumtengo wa masuku n'kubinya bondo mpaka kutupa. Anyani onse anali pafupi kusamukira kuphiri lina, ndipo mwana wotsimphina sakanatha ulendowo.

Fisi ankadzitcha katswiri wa mafupa a anthu poti ankawafukula kumanda. Nyani anabereka mwana wake n'kupita komweko.

"Thupi la nyani ndi la munthu n'chimodzimodzi," anatero Fisi. "Paliponse pamene mafupa awiri akumana pamayenera kuzungulira. Bondoli langouma, tilipotokola."

Nyani anakayika. Iye anakulira kusuzumira anthu m'minda podikira kuba chimanga, ndipo ankadziwa kuti mfundo za thupi n'zosiyana. Phewa ndi fupa la m'chiuno zimazungulira ngati munsi mumtondo, pomwe chigongono ndi bondo zimangopindikira mbali imodzi ngati chitseko. Mafupa a chibade ndiye amangogwirana, sasuntha n'komwe.

"Koma a Fisi, ine sindinaonepo bondo la munthu likuzungulira."

"Amake Kamchira, mukufuna kuphunzitsa ine? Inu mwatafunapo mafupa angati?"

Nyani anachita manyazi, anazyolika. Anamupana yekha mwana wake ndi manja ake omwe kuti asaphiriphithe.

Fisi analuma mwendo uja n'kuupotokola mwamphamvu. Thyo! Kamchira anakuwa mpaka mawu anasasa. Chitsiru cha Fisicho sichinkadziwa kuti mafupa a kumanda amazungulira mbali iliyonse chifukwa mitsempha yowamanga inaola kalekale.

Kutupa kunaphwa, koma mwendo unangotsala lende. Anyani anasamuka osacheuka, Nyani n'kutsala yekha m'phirimo ndi chimwana chachikulu kumsana. Chinkamuwawa kwambiri si ululu wa mwanayo ayi, koma kuti choona ankachidziwa, n'kuchimeza.

Mkwiyo utamukwana, anapita kukamufunsa Fisi chimene anachitira mwana wake. Fisi anamuyang'ana Kamchira nthawi yaitali, ananyambita milomo.

"Pepani, mayi. Koma akadzafa mudzandisungire bondolo, ndidzaone pamene ndinalakwitsa."

Phunziro: Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Chimene unachiona ndi maso ako usachitaye poopa mawu aakulu a wodzitama, pakuti iye akalakwitsa, wolira ndi iwe.