Malo a Nyenyezi Ali Kumbuyo

M'galaja ina yonunkha oilo, kuseri kwa mulu wa matayala akutha, anthu anayi ankayeserera luso limene sukulu siphunzitsa: kulakwitsa limodzi ndi bwana. Bwanayo anali woimba wotchuka amene anadzipatsa yekha dzina loti Nyenyezi. Mawu anali nawo ndithu, koma akatengeka ankalumpha mzere, kapena kulowa ng'oma isanamuitane. Zikatero, wang'oma, yemwe anali mlamu wake, ankagogoda kawiri m'mphepete mwa ng'oma, ndipo wabanjo, wagitala ndi wabesi ankalumpha naye. Omvera sankamva cholakwika. Nyenyezi nayenso sankachimva.

Tsiku lina anafika atapanira kabokosi m'khwapa.

"Zoimbira zonse ndajambulira umu," anatero. "Aka sikachedwa, sikadwala, sikalira kuti dzina lake lilembedwe pachikwangwani. Mukapume."

"Alamu, kodi kali ndi makutu?" anafunsa wang'oma.

"Makutu a chiyani? Womvedwa ndine. Ndinaphonyapo liti ine?"

Wabanjo anatsokomola chifuwa chimene analibe.

Anayiwo anatsala ndi galaja yawo. Wabanjo anafukula nyimbo zakale zimene amayi ake ankaimba pochapa, wagitala n'kuzithira moto wa magetsi mpaka agalu a m'makomo oyandikana anayamba kuthandizira. Mwini holo ina yaing'ono anawalola kuti ayese mwayi. Koma atakwera pasiteji, miyendo inawatengera kumene inazolowera: kumbuyo, pafupi ndi katani. Maikolofoni ya kutsogolo inatsala yokha ngati mkwatibwi wothawidwa, anthu n'kumadikira woimba.

"Pita kutsogolo, iwe," wabesi ananong'oneza wabanjo.

"Ine ndinazolowera kuona msana wa munthu. Nkhope zimandichititsa chizungulire."

Anaimbira komweko, molandizana, wina akasiya mzere wina n'kuutola. Anthu ataona malo opanda mwini, anakwera n'kuyamba kuvinapo. Kuchokera tsikulo anayiwo anatchedwa A Kumbuyo, ndipo maholo anayamba kuwachepera.

Nanga Nyenyezi? M'holo yaikulu yodzaza, nyimbo itafika pokoma, anatsinzina n'kukoka mawu monga mwa masiku onse. Kabokosi sikanadikire. Anakathamangira, anakapitirira, anamaliza nyimbo n'kuwerama mwaulemu, iko kakadali pakati pa ulendo. Anthu anaseka mpaka misozi. Kwina kunachitikanso zomwezo, ndipo foni yake inayamba kugona tulo tofa nato.

Anatulukira kugalaja chipewa chili m'manja.

"Alamu, kabokosi kaja n'kamwano."

"Si mwano, alamu. Kamaimba nyimbo mmene ilili."

"Nanga inu munkaimba chiyani?"

"Tinkaimba inuyo."

 Kenaka Nyenyezi anafunsa ndi mawu a munthu wopempha moto ngati malo akadalipo.

"Alipo," anatero wagitala, "koma kutsogolo tinagawira ovina."

Anamupatsa maseche ndi mzere wake woimba, n'kumuimika pafupi ndi ng'oma. Nyimbo yoyamba isanafike pakati, anamva kugogoda kuwiri kumene sanakumvepo chiyambire kuimba.

"Kaphokoso aka n'kachiyani, alamu?"

"Ndinu amenewo. Mwalumpha."

Posakhalitsa kanamvekanso. Nyenyezi anaseka mpaka maseche anamugwa, anzakewo n'kulumpha naye monga kale. Akuimba nawo mpaka lero, ndipo amene amakhala pafupi ndi siteji amati ng'oma ija siigogodanso kawirikawiri, chifukwa mwini mawu anamera makutu.

Amene wanyamulidwa sadziwa kuti njira ndi yonyowa. Ukakwera pamsana pa njovu, usamati kunja kulibe mame.