Esinati Aime Kumbuyo kwa Yani?

Kalekale, koma osati kale kwenikweni poti magetsi anali atabwera ndipo ankazimazima ngati masiku ano, m'dera lina la m'tauni lotchedwa Kamphuno munali mayi wogulitsa tomato dzina lake Esinati. Mwamuna wake atamwalira, misozi isanaume n'komwe, alamu ake anatulukira ndi pepala lachidindo. Ankati malemuwo anawapatsa nyumba adakali moyo, choncho Esinati ndi ana ake atatu aone kolowera. Mayiyu sankadziwa kuwerenga. Anachita mantha kwambiri.

Tsiku lomutulutsa, alamuwo anafika ndi amuna awiri oti asasule malata. Che Twaibu, wogulitsa nyama ya mbuzi pamsika, anamva phokoso n'kuthamangira komweko epuloni ili m'khosi. Anakhala pansi pakhomo penipeni, nati, "Denga ili mudzasasula bwalo likaweruza. Mukafuna lero, muyambe mwanyamula ine." Munthuyo anali ndi thupi, osati masewera. Amuna aja anayang'anizana, kenako anabwerera.

Komabe pepala lija linalipo. Mayi Rozina, aphunzitsi opuma ntchito amene dera lonse linkawaopa chifukwa cha pakamwa pawo, anapempha kuti alione. Anavala magalasi n'kuliwerenga kawiri. "Amake Tamanda," anatero kwa Esinati, "tsiku lalembedwa apali amuna anu anali chigonere kuchipatala, dzanja lamanja litafa. Ndiye anasayina ndi phazi?"

Bwalo la milandu la m'deralo linati mawu amenewo ndi omveka, koma likufuna mboni yoona ndi maso. Apa m'pamene anthu a ku Kamphuno anandichititsa manyazi. Onse odziwa nkhaniyi anangoti zii, chifukwa mlamu wamkulu anali mwini chigayo komanso nyumba zambiri za lendi. Anaimirira ndi Bambo Lufeyo okha, telala wofatsa amene ankakhala m'nyumba ya mlamu yemweyo. Iwo anati, "Pepalali linalembedwa pakhonde pomwe ndimasokera, maliro ataikidwa kale." Mawa lake mlamuyo anawathamangitsa m'nyumba muja, ndipo anthu anawaona akuyenda makina osokera ali pamutu. Koma nyumba ya Esinati inatsala m'manja mwa Esinati.

Chaka chotsatira inakwana nthawi ya zisankho. Dera linkafuna khansala, komiti ya msika, komanso woweruza watsopano wa bwalo lija. Anthu anali atatopa ndi oweruza oodzera pampando, ndiye anakakamiza Che Twaibu, Mayi Rozina ndi Bambo Lufeyo kuti apikisane pa mpando wa woweruzawo. Onse anavomera monyinyirika.

Khansala anasankhidwa mobisa, m'kachipinda. Koma woweruza ku Kamphuno ankasankhidwa pabwalo la mpira, dzuwa likuswa mtengo. Opikisana ankawamanga nsalu kumaso, ndipo aliyense ankakaima pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Amati nsaluyo ndi yosunga chinsinsi, ngati kuti anthu mazana oonererawo alibe pakamwa.

Tsikulo Esinati analawira kukapikula tomato, ndipo pobwerera minibasi inafa panjira. Anafika pabwalo ali wefuwefu, dengu lili pamutu. Anapeza owerenga atawerenga katatu konse, koma mizere yonse itatu inali yofanana ndendende.

"Mayi, dzina lanu lokha ndi limene latsala m'kaundula," anatero woyang'anira chisankho. "Pomwe muime, woweruza ndi yemweyo."

Esinati anatula dengu. Mtima wake unasangalala, chifukwa kwa nthawi yoyamba pampando paja pankapita munthu woongoka, kaya apambane ndani. Koma kusankha kunamuvuta. Pambali pa bwalo panaima amayi awiri amasiye amene milandu yawo ya nyumba inkayembekeza woweruza watsopanoyo, ndipo onse anali maso pa iye.

Anayang'ana msana waukulu wa Che Twaibu. Popanda iwowo, bwalo likanaweruza nyumba yopanda denga, ana atanyowa kale ndi mvula. Koma kodi kulimba mtima kokha kungagwire bodza lolembedwa? Anayang'ana Mayi Rozina, amene palibe pepala lingawapusitse, ngakhale kuti munthu wamantha akhoza kuiwala mlandu wake akamufunsa iwowo. Kenako anayang'ana Bambo Lufeyo, amene mpaka tsiku limenelo ankasokera pansi pa mtengo chifukwa cha iye. Bamboyu sankatha kukweza mawu, koma mwa atatu onsewo ndi iye yekha amene chilungamo chinamutayitsa pogona.

"Tikudikira, mayi," anatero woyang'anira uja.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, dengu latulidwa, dera lonse lili chete, ndipo amasiye awiri aja akuyang'ana. Esinati akaime kumbuyo kwa yani: amene anatchinga khomo, amene anagwira bodza papepala, kapena amene ananena zoona n'kutaya nyumba yake?